Dokotala akati achotse fupa pa msongolo wanu kuti akonzere kakolo: zomwe muyenera kudziwa musanasainire

Tiyerekeze kuti mumakhala ku Madisi, kapena kumudzi wina wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Tsiku la msika mudakwera kabaza wa njinga yamoto, njingayo n'kugwa, phazi lanu n'kupanikizika pansi pake. Kuchipatala adakujambulani, adakuikani chikhakha, mudabwerera kunyumba. Patha miyezi isanu ndi umodzi koma mukaponda pansi kakolo akupwetekabe, ndipo madzulo aliwonse phazi limatupa. Akutumizani ku Lilongwe. Kumeneko dokotala wa mafupa wayang'ana chithunzi chatsopano n'kukuuzani kuti fupa silidalumikizane, pakufunika opaleshoni, ndipo adzatengako fupa pang'ono pa msongolo wanu, m'munsi mwa bondo, kuti akaliike pa kakolo.

Anthu ambiri akamva chonchi mtima umagunda. Mwendo ndi wovulala kale, ndiye akaubowolenso pena? Komanso m'dziko muno tidamvapo nkhani zoopsa za anthu ofukula manda ndi osaka mafupa a anzawo, choncho mawu oti "tichotsa fupa" salowa bwino m'khutu. Mantha amenewa ndi omveka, koma akakuchititsani kukana opaleshoni kapena kuthawa m'wodi usiku, mutha kutsala ndi phazi lopweteka moyo wanu wonse. Fupa lomwe dokotala akunenalo silituluka m'chipinda cha opaleshoni. Limachoka pamwamba pa mwendo wanu n'kukalowa m'munsi mwa mwendo womwewo, pa ola lomwelo.

N'chifukwa chiyani fupa lina limakana kulumikizana?

Fupa ndi chinthu chamoyo. Lili ndi mitsempha ya magazi, ndipo likathyoka thupi limatumiza magazi ndi maselo omanga pamalo pothyokapo. Mafupa ambiri amalumikizana okha ngati mbali ziwirizo zagundana bwino ndipo sizikugwedezeka. N'chifukwa chake chikhakha chokha chimachiritsa anthu ambiri.

Phazi ndi kakolo zili ndi vuto lakelake. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ang'onoang'ono, ndipo onse amanyamula thupi lanu lonse mukamayenda. Kumunsi kwa msongolo kuli mnofu wochepa, khungu lili pafupi kwambiri ndi fupa, choncho ngozi ikachitika fupa limatulukira kunja mosavuta ndipo dothi limalowa. Fupa lomwe lili pakati pa kakolo, lomwe madokotala amalitcha talus, silifikiridwa ndi magazi ambiri. Likathyoka moipa mbali ina imatha kufa.

Fupa limakana kulumikizana ngati pakati patsala mpata waukulu chifukwa zidutswa zina zidatayika pangozi, ngati mwalowa tizilombo n'kuyamba mafinya, ngati magazi safika bwino, kapena ngati mbali zothyokazo zidakhala zikugwedezeka. Nthawi zina fupa limalumikizana koma mokhota, ndipo pakapita zaka chichereŵechereŵe cha m'kakolo chimaperepeseka, mafupa n'kumakhudzana okhaokha. Apa dokotala amatha kusankha kuumitsa kakoloyo: amapala mbali zoperepesekazo n'kumanga mafupa awiriwo kuti akhale fupa limodzi. Kakolo sapindikanso ngati kale, koma ululu umachepa kwambiri ndipo munthu amayenda. Opaleshoni yofanana ndi imeneyi imachitikanso kwa achinyamata ndi akuluakulu omwe adabadwa ndi mapazi opindika koma sadathandizidwe ali makanda, ndi kwa ena omwe mapazi awo adapuwala ndi poliyo. Pa maopaleshoni onsewa pamatha kutsala mipata yofunika kuitseka ndi fupa.

Fupa loikidwalo limagwira ntchito yanji?

Alimi a zipatso amadziwa kumezanitsa mango kapena malalanje. Za mafupa zikufanana nazo pang'ono, koma pali kusiyana. Kanthambi komezanitsa kamakhala komweko n'kukula. Fupa loikidwa silikhalitsa momwe lidaikidwira: thupi limalidya pang'onopang'ono kwinaku likumanga fupa latsopano m'malo mwake.

Fupa lochokera m'thupi mwanu limabweretsa zinthu zitatu nthawi imodzi. Choyamba ndi maselo amoyo omwe amatha kupanga fupa. Chachiwiri ndi mapuloteni omwe amaitana maselo ena omanga kuti abwere pamalopo. Dokotala wa ku America, Marshall Urist, ndiye adaonetsa mu 1965 kuti m'fupa muli mphamvu yotereyi. Chachitatu ndi timibowo ta fupalo, tomwe timakhala ngati phaso la nyumba: mitsempha ya magazi imayanga m'menemo ndipo fupa latsopano limamangidwa potsatira phasolo.

Fupa lomwe limatengedwa kawirikawiri si lolimba lakunja lija. Ndi lam'kati, lofewa, la timibowotimibowo, longa lomwe mumapeza kumapeto kwa fupa la ng'ombe mukamatafuna, lodzaza ndi mafuta ndi magazi. Limeneli ndi lomwe limagwira msanga.

Njirayi si yachilendo. Mu 1911 dokotala wa ku New York, Fred Albee, adalemba za momwe ankatengera chidutswa cha fupa la msongolo n'kuchiika pamsana pa odwala TB ya msana. Zaka zoposa 100 zapita madokotala akukonza njirayi kuti bala likhale laling'ono ndiponso kuti mwendo usafooke.

Bwanji pa msongolo, osati m'chiuno?

Kwa zaka zambiri malo odziwika otengako fupa akhala fupa la m'chiuno, paja mumamangirira lamba kapena chitenje. Mpaka lero madokotala amaliyesa muyezo woyerekezera njira zina zonse, chifukwa limapereka fupa lochuluka komanso lokhala ndi maselo ambiri. Vuto lake ndi loti bala la m'chiuno limapweteka, nthawi zina kuposa pomwe pachitidwa opaleshoni yeniyeniyo, ndipo kwa ena ululu kapena dzanzi la pantchafu limakhala miyezi yambiri.

Pa opaleshoni ya phazi ndi kakolo, fupa lofunika nthawi zambiri silikhala lochuluka. Apa ndi pomwe msongolo umaposa. Uli pa mwendo womwewo, choncho mwendo umatsukidwa ndi kukonzedwa kamodzi, wodwala satembenuzidwa, ndipo lamba woletsa magazi yemwe amamangidwa pantchafu amathandiza mabala onse awiri. Jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi miyendo amakwanira. Mwendo winawo ndi chiuno zimatsala zabwinobwino, ndipo zimenezi n'zofunika kwa munthu yemwe ayende ndi ndodo kwa masabata angapo, kukwera minibasi ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi chokumba. Malipoti a madokotala omwe atsatira odwala ochitidwa njirayi amagwirizana kuti zovuta pamalo potengedwa fupa pa msongolo zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo ululu wake sukhalitsa ngati wa m'chiuno.

Koma msongolo suposa pa zonse. Munthu akamakula, m'kati mwa msongolo mumachuluka mafuta ndipo maselo omanga fupa amachepa poyerekeza ndi m'chiuno. Ngati mpata ndi waukulu, kapena pakufunika chidutswa cholimba chochirikiza, dokotala adzasankhabe chiuno. Ngati pakufunika fupa lochepa kwambiri, atha kutenga kumunsi kwa msongolo pafupi ndi kakolo, kapena pa fupa la chidendene. Kwa ana omwe akukulabe, pafupi ndi bondo pali malo omwe fupa limakulira, ndipo madokotala amapewa kuwasokoneza kuopa kuti mwendo ungakhote kapena kufupika.

Opaleshoniyo imayenda bwanji?

Dokotala amacheka pang'ono m'munsi mwa bondo, chakumbali, bala la masentimita ochepa chabe. Amatsegula kawindo kakang'ono pa fupa lolimba lakunja, n'kukolopola fupa lofewa lam'kati ndi kachipangizo konga supuni. Amasamala kuti asayandikire kwambiri pamwamba pomwe pakhala bondo. Fupalo amalisunga m'kambale koyera kwa mphindi zochepa pomwe akukonza kakolo: kuchotsa minofu yomwe idamera pakati pa mafupa, kupala mbali zonse mpaka zitayamba kutuluka magazi, kuwongola phazi. Akatero amalongedza fupa lija mumpata n'kumanga zonse ndi zitsulo, kaya masikuluwu, kaya kachitsulo kaphanthiphanthi, kaya msomali wautali, kaya zitsulo zoonekera kunja kwa mwendo. Pomaliza amasoka mabala onse awiri n'kuika chikhakha.

Dziwani kuti fupa loikidwalo palokha silingagwire phazi. Zitsulo ndi chikhakha ndi zomwe zimaletsa kugwedezeka kufikira thupi litamaliza kumanga.

Kodi mwendo sufooka?

Mphamvu ya msongolo ili kwambiri m'fupa lolimba lakunja, ndipo kawindo kotsegulidwako ndi kakang'ono. Dzenje lam'kati limadzaza magazi ndipo thupi limalikonza pakapita miyezi. Anthu ambiri amatsala ndi kachipsera basi.

Komabe palibe opaleshoni yopanda chiopsezo. Pamalopo patha kutupa ndi magazi oundana, bala litha kulowa tizilombo, khungu la pambali litha kuchita dzanzi. Mwa kamodzikamodzi fupa la pansi pa bondo limatha kusweka, makamaka kwa okalamba a mafupa ofooka kapena kwa munthu yemwe wadumpha kapena kusenza katundu wolemera msanga. Ndipo ngakhale zonse zitachitidwa bwino, kakolo atha kukanabe kulumikizana, n'kufunika opaleshoni ina. Dokotala wabwino adzakuuzani zimenezi musanasainire, ndipo ndi ufulu wanu kufunsa mpaka mutamvetsa.

Pali nthawi yomwe kuika fupa sikungathandize: pomwe pali mafinya. Fupa loikidwa pamalo a tizilombo limangowola. Ngati bala lanu likutuluka mafinya, ayamba achotsa fupa lakufa, kutsuka ndi kukupatsani mankhwala. Nthawi zina amayamba atseka mpatawo ndi simenti ya kuchipatala kwa masabata angapo, kenako n'kuichotsa ndi kuikapo fupa lanu, njira yomwe adaitchukitsa dokotala wa ku France, Alain Masquelet. Mukauzidwa kuti maopaleshoni akhala awiri, sikuti akukuzengerezani.

Bwanji osagwiritsa ntchito fupa la munthu wina kapena la kufakitale?

M'mayiko olemera muli nkhokwe za mafupa operekedwa ndi anthu ena, komanso muli mankhwala ndi timiyala topangidwa kufakitale tolowa m'malo mwa fupa. Zimenezi zimapulumutsa wodwala ku bala lachiwiri. Koma fupa la munthu wina limafuna kuyezedwa HIV ndi matenda a chiwindi, kusungidwa m'mafiriji ozizira kwambiri omwe magetsi ake sayenera kuzima, ndipo pofika kwa wodwala limakhala lopanda maselo amoyo. Limangokhala phaso chabe. Za kufakitale ndi zodula ndipo zimagulidwa kunja.

Apa nkhaniyi ikukhudzana ndi chuma cha dziko. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kwakhala kukuvutitsa ogula mankhwala ndi zipangizo za m'zipatala. Chilichonse choitanitsa kunja chimakwera mtengo kapena kuchedwa kufika. Zitsulo zomangira mafupa sitingazipewe kuitanitsa. Koma fupa la pa msongolo wanu silidikira ndalama zakunja, silifuna firiji, silingakupatsireni matenda a munthu wina, ndipo thupi lanu silingalikane. Musaganize kuti ndi njira ya amphawi: ngakhale ku Ulaya ndi ku America, komwe zinazo zilipo, madokotala ambiri a mapazi amasankhabe fupa la wodwala mwiniwake pa milandu yovuta.

Kuchokera ku Madisi, thandizo lili kuti?

Madisi ali pa msewu wa M1, pafupifupi makilomita 80 kumpoto kwa Lilongwe, pakati pa Mponela ndi Kasungu. Wovulala wa m'derali amayambira pa chipatala cha mishoni cha Madisi, pa chipatala cha Mponela, cha Mtengowanthenga, kapena pa zipatala za boma za Dowa ndi Ntchisi. M'zipatala za m'maboma, omwe amathandiza anthu othyoka mafupa kawirikawiri ndi ma clinical officer a mafupa. Maphunziro awo adayambitsidwa mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair, ndipo kuyambira nthawi imeneyo iwowa ndiwo akhala msana wa chithandizo cha mafupa m'dziko muno, popeza madokotala akuluakulu a mafupa ndi ochepa ndipo amapezeka kwambiri m'mizinda. Amawongola mafupa, amaika chikhakha, amatsuka mabala, ndipo amadziwa wodwala woyenera kumutumiza patsogolo.

Opaleshoni youmitsa kakolo kapena yoika fupa imachitikira ku zipatala zazikulu. Kwa anthu a m'chigawo chapakati, khomo lake ndi chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Pa malo a chipatalachi padatsegulidwa mu 2023 chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo, Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chomwe ambiri amangochitcha LION, chomangidwa ndi thandizo la abwenzi a ku Norway ndi bungwe la AO Alliance. Kwa ana olumala miyendo kulinso chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chidatsegulidwa mu 2002.

Kutsegulidwa kwa LION kwafupikitsa ulendo wa munthu wa ku Dowa ndi Ntchisi wofuna opaleshoni yotereyi. Koma kudafika pa nthawi yomwe njinga zamoto za kabaza zachuluka m'tauni ndi m'midzi momwe, ndipo pa njinga yamoto mwendo ulibe chotchinga. Ovulala atsopano amafunika fiyeta tsiku lomwelo, choncho yemwe fupa lake lidakana kulumikizana chaka chatha amayenera kudikira pamzere. Phunziro lake ndi loti opaleshoni yoika fupa nthawi zambiri imakhala yokonza zomwe zikadapeweka sabata yoyamba. Fupa likatulukira kunja, bala liyenera kutsukidwa kuchipatala ndipo mankhwala opha tizilombo ayambike tsiku lomwelo, pamodzi ndi katemera wa kafumbata. Kuthira mankhwala azitsamba pa bala lotere, kutema mphini pa mwendo wotupa, kapena kumanga timitengo mothina mpaka magazi kuleka kuyenda, ndi zomwe zimasandutsa kuthyoka wamba kukhala mpata wa mafinya.

Gawo lanu ndi lalikulu kuposa la dokotala

Dokotala amagwira ntchito yake maola ochepa. Thupi lanu limagwira yake miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo zomwe mumachita kunyumba ndi zomwe zimagamula.

Fodya ndiye mdani woyamba. Dowa ndi Ntchisi ndi maboma a fodya, ndipo chingambwe sichisowa. Chikonga cha mu fodya chimafinya mitsempha ing'onoing'ono ya magazi, yomweyo yomwe iyenera kuyanga m'fupa loikidwalo. Ndi zodziwika bwino kwa madokotala a mafupa kuti osuta ndiwo amachuluka pakati pa anthu omwe kakolo wawo amakana kulumikizana. Lekani masabata angapo opaleshoni isanachitike ndipo musayambirenso mpaka fupa litagwira. Fodya wa mphuno ndi wa pansi pa lilime alinso ndi chikonga.

Ngati muli ndi matenda a shuga, auzeni ndipo shugayo atsike kaye, chifukwa amachedwetsa bala ndi fupa lomwe. Ngati mumamwa ma ARV, pitirizani ndipo musabise. Kafukufuku yemwe madokotala a mafupa adachita ku Blantyre n'kumusindikiza mu 2002 adapeza kuti pomwe khungu silidang'ambike pangozi, mabala a opaleshoni yoika zitsulo ankapola mwa anthu omwe ali ndi HIV mofanana ndi mwa ena. HIV si chifukwa chokanira opaleshoni.

Musamangogula mankhwala opha ululu monga brufen, diclofenac kapena indocid pa golosale n'kumamwa masabata ambiri osafunsa. Pali umboni woti kuwamwa nthawi yaitali kutha kuchedwetsa fupa. Idyani zomanga thupi zomwe zilipo kwanuko: usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake, nyemba, soya, mtedza, mazira, mkaka ndi masamba. Mowa wambiri umachedwetsa kuchira ndiponso umagwetsa munthu wa ndodo.

Chovuta kwambiri kwa mlimi ndi kusaponda. Pa opaleshoni youmitsa kakolo, kawirikawiri mumauzidwa kuti musaponde ndi phazilo kwa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, kenako n'kuyamba pang'onopang'ono. Ululu umatha fupa lisanagwire, ndipo apa ndi pomwe ambiri amanyengeka. Mvula ikagwa mu December, nazale ya fodya ikufuna kuwokera, chimanga chikufuna kupalira, munthu amataya ndodo n'kunyamula khasu. Zitsulo zimagwedezeka, fupa loikidwa lija limasungunuka, ulendo wa ku Lilongwe n'kuyambiranso. Ngati opaleshoni yanu si yadzidzidzi, kambiranani ndi dokotala za nyengo, ndipo kambiranani ndi abale za yemwe adzagwire munda, yemwe adzakhale nanu kuchipatala, ndi ndalama ya thiransipoti yobwererako kukajambulitsa. Chikhakha musachidule nokha.

Mafunso oti mufunse musanasainire

Fupalo mulitenga pati, ndipo chifukwa chiyani pamenepo? Kodi pali mafinya ofunika kuthana nawo kaye? Kakolo wanga adzapindikanso kapena muumitsa? Ndidzakhala masabata angati osaponda, ndipo ndodo ndizipeza kuti? Ndibwere liti kudzajambulitsa, ndipo kodi zina zingachitikire ku Dowa, ku Ntchisi kapena ku Madisi konkuno? Mafizo ndidzachitira kuti? Ndikapanda kuchitidwa opaleshoni, phazi langa lidzakhala bwanji pakapita zaka zisanu?

Pemphani kuti mayankho alembedwe m'buku lanu la kuchipatala, kuti wachipatala wa kwanuko adziwe zomwe zidachitika. Ngati simudziwa kuwerenga, pitani ndi m'bale woti amve nawo.

Mukabwerera kunyumba, thamangirani kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo mukaona izi: kutentha thupi, mafinya kapena fungo lochokera m'chikhakha, zala zakuphazi zozizira, zotuwa kapena zadzanzi, ululu womwe ukukulirakulira, katumba wotupa ndi wopweteka, kupuma movutikira, kapena bondo lotupa mwadzidzidzi mutaponda. Musadikire tsiku lomwe adakulemberani.

Ndipo ngati mudathyoka kale, patha miyezi yambiri koma simukuthabe kuponda, musangoti ndi momwe zikhalire. Tengani buku lanu ndi zithunzi zakale, pitani kwa clinical officer wa mafupa pa chipatala cha boma lanu, mumufunse ngati fupa lidalumikizana.